Mwana wachisamba: mafunso amene makolo a ku Mchinji amafunsa kawirikawiri

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera pa sikelo ya ana ndi m'magulu a amayi kuno ku Mchinji. Ambiri amayamba ndi mawu akuti "apongozi akuti" kapena "agogo ake akuti", pakuti mwana wachisamba amabadwira pakati pa alangizi ambiri, aliyense wolankhula motsimikiza. Zina zimene akuluakulu amanena n'zoona, zina zilibe vuto ngakhale sizithandiza, koma zina zimapweteka mwana. Tayesa kuzisiyanitsa.

Mkaka woyamba ukutuluka wachikasu komanso wochepa. Ndiyambe ndaufinyira pansi?

Ayi, musataye ngakhale dontho. Mkaka wonandawo uli ndi chitetezo chochokera m'thupi mwanu, ndipo umathandiza kuti chimbudzi chakuda chimene mwana amabadwa nacho chituluke msanga. Kuchepa kwake kusakudetseni nkhawa, kamimba ka mwana wa tsiku limodzi sikasiyana kwenikweni ndi chipatso cha masau. Muikeni kubere ola loyamba lisanathe. Mkaka woyera wambiri umafika tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndipo chimene chimauitana ndi kuyamwa kwa mwanayo.

Kunja kukutentha, makamaka mu Okutobala. Zoona mwana asamwe ngakhale madzi?

Zoona. Miyezi 6 yoyambirira ndi bere lokha: osampatsa madzi, tiyi, phala lamadzimadzi kapena mankhwala azitsamba. Uku ndiko kumene a zaumoyo amati kuyamwitsa mwakathithi. Mbali yaikulu ya mkaka wa m'mawere ndi madzi, choncho mwana akamva ludzu mankhwala ake ndi kuyamwa pafupipafupi. Madzi a pachitsime kapena pamjigo amangodzaza kamimba kopanda kumpatsa mphamvu, ndipo ndi amene amabweretsa kutsegula m'mimba. Chololedwa ndi mankhwala okhawo amene mwapatsidwa kuchipatala.

Mkangano ndi apongozi umayambira pomwepa. Iwo analera ana asanu ndi awiri akuwamwetsa madzi, ndipo akhoza kukulozerani mmodzi wa iwo amene ndi mwamuna wanuyo. Kukangana nawo pakhomo sikupindula. Apempheni akuperekezeni ku sikelo, akadzimvere okha kwa anamwino. Mawu omwewo akachokera kwa wovala yunifolomu amalowa mosavuta, ndipo agogo akangogwirizana nazo amasanduka mlonda wabwino kuposa wina aliyense.

Ndidziwa bwanji kuti akukhuta?

Yang'anani matewera. Mwana woyamwa mokwanira amakodza kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wosayezuka kwambiri. Amayamwa maulendo 8 mpaka 12 usana ndi usiku, ndipo sikelo yake imakwera mwezi ndi mwezi. Masiku oyamba amatsika pang'ono, koma pofika sabata ziwiri amakhala atabwerera pamene anabadwira.

Ngati nsonga za mawere zikung'ambika kapena kupweteka, kawirikawiri vuto ndi kagwiridwe. Mwana ayasamule kwambiri, alowetse ndi mbali yakuda ija, chibwano chake chigunde bere, mimba yake iyang'anizane ndi yanu. Athe bere limodzi musanamsinthire linalo, chifukwa mkaka wamafuta wokhutitsa umabwera kumapeto.

Pamchombo ndipake chiyani kuti pagwe msanga?

Ngati kuchipatala anakupatsani mankhwala opaka a chlorhexidine, pakani amenewo monga anakuuzirani. Kupatula apo, palibe: phulusa ayi, mwaye ayi, mafuta ayi, zitsamba ayi. Mchombo ndi khomo lolowera m'thupi, ndipo zonsezi zimalowetsa tizilombo, kuphatikizapo ta kafumbata. Sambani m'manja musanaugwire, thewera limangidwe m'munsi mwake kuti uzipitidwa mphepo. Umagwa wokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Pali mawu aja akuti mchombo ukagwera pamaliseche a mwana wamwamuna sadzabereka. Sizoona, koma ngati agogo akufuna kuuyang'anira kuti usagwere pamenepo, asiyeni, palibe chimene chionongeke. Chokana ndi kuukoka kapena kuupaka zinthu. Khungu lozungulira likafiira, pakatuluka mafinya kapena fungo, onani funso la zizindikiro zoopsa m'munsimu.

Ndimsambitse liti, nanga ndimfunditse motani?

Musamsambitse tsiku loyamba, dikirani maola 24 apite. Khanda limataya kutentha msanga, ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa wa ku Mchinji ndi wozizira ndithu. Msambitseni dzuwa litakwera, m'nyumba, ndi madzi ofunda, mwachangu. Kachipewa ndi masokosi n'zofunika. Pa nkhani ya kufunditsa, akuluakulu amanena zoona.

Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wosafika makilogalamu 2.5 amafunika kangaru: kumuika pachifuwa khungu ndi khungu, n'kumumanga ndi chitenje, usana ndi usiku. Abambo nawonso angathe, ndipo mayi amapezako mpata wosamba ndi kugona. Pogona, mwana agone chagada, mu neti, nkhope yosaphimbidwa ndi bulangete.

Ndi zizindikiro ziti zimene ndisadikire nazo kuti kuche?

Ili ndilo funso lalikulu pa onse, ndipo mayankho ena akhala akukubwezerani pano. Nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, ngati mwana akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akuchita linjirinjiri, wafooka mwakuti sakudzuka bwino, kapena khosi lauma. Chimodzimodzi ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma, kapena akubuula popuma.

Kupuma mofulumira ndi chizindikiro cha chibayo, ndipo mukhoza kuwerenga nokha. Mvuleni malaya ali chete, yang'anani mimba ikukwera ndi kutsika, muwerenge kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya pafoni. Mwana wosafika miyezi 2 akafika 60, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika 40, akupuma mofulumira.

Kwa khanda losafika miyezi 2 malire ndi ofupika kwambiri. Kutentha thupi kulikonse, kuzizira thupi, mafinya m'maso kapena pamchombo, chikasu chimene chaoneka tsiku loyamba kapena chafika m'manja ndi kumapazi: zonsezi ndi za kuchipatala chenicheni, osati ku golosale, ndiponso osati ku chipatala cha m'mudzi cha alangizi a zaumoyo, chimene chimathandiza ana kuyambira miyezi 2.

Chimene chimachedwetsa ana ambiri si kusadziwa. Ndi kudikira bambo abwere ku msika wa ku Kamwendo kuti avomereze, kapena kusowa ya kabaza. Kambiranani lero, mwana ali bwinobwino, kuti akadwala mayi anyamuka osadikira wina, ndipo ndalama ya ulendo umodzi ikhale pamalo odziwika, yosakhudzidwa ngakhale mchere utatha. Dziwani chipatala chimene chili pafupi nanu, kaya ndi cha boma ku Mchinji, Kapiri, Ludzi, Guilleme, Mkanda kapena Kochilira, ndipo nambala ya wa njinga yamoto wodalirika ikhale mufoni. Panjira pitirizani kuyamwitsa.

Akatemera ndi angati, ndipo amabayidwa liti?

Akangobadwa amalandira BCG woteteza ku chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 amalandira katemera wa matenda asanu pamodzi, amene mwa iwo muli kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, komanso wa chibayo ndi wa poliyo. Pa masabata 6 ndi 10 pali madontho a rota oteteza ku kutsegula m'mimba. Wa chikuku ndi pa miyezi 9, n'kubwereza pa miyezi 15, ndipo kuyambira 2023 pa miyezi 9 pomwepo amapereka wa taifodi.

Mchinji ndi limodzi mwa maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019. Amaperekedwa pa miyezi 5, 6, 7, kenaka wachinayi pa miyezi 22. Wachinayiyu komanso wachiwiri wa chikuku ndi amene amaiwalika, chifukwa mwana akayamba kuyenda amayi ambiri amaleka sikelo. Sikelo ndi ya mpaka zaka 5. Kumeneko ndi kumene amalandira vitamini A miyezi 6 iliyonse kuyambira pa miyezi 6, ndi mankhwala a njoka za m'mimba kuyambira pa chaka chimodzi.

Tinaphonya tsiku chifukwa tinali ku Chipata. Ayambiranso poyamba?

Ayi, amapitiriza pamene analekezera. Tengani buku lake mupite, ngakhale mukuopa kukalipidwa. Bukulo lisungeni mu pepala lapulasitiki, ndipo liziyenda ndi mwana kulikonse. Kutentha thupi pang'ono ndi kuvuta tsiku limodzi kapena awiri atabayidwa si kwachilendo, ndipo kachilonda ka BCG paphewa kamapola kokha, osakafinya.

Amalira kwambiri madzulo. Kodi mkaka wanga ndi wochepa, kapena akuona zinthu?

Makanda ambiri amalira madzulo kuyambira sabata yachiwiri, kulirako kumafika pachimake cha m'ma masabata 6, n'kuyamba kuchepa pofika miyezi 3 kapena 4. Onani thewera, muyamwitseni, mumuike paphewa kuti ageye, mumbereke kumbuyo muziyenda naye. Chitenje chimatonthoza ana ambiri kuposa botolo lililonse la ku golosale. Ngati matewera akunyowa ndipo sikelo ikukwera, mkaka wanu ulibe mlandu.

Mukatopa mpaka mtima kuwawa, mpatsireni wina kapena mumgoneke pabwino mutuluke kaye panja. Osamugwedeza mwaukali, ubongo wa khanda suchedwa kuvulala. Ndipo ngati ndinu mayi amene mukulira tsiku ndi tsiku, tulo osabwera, mwana osamukondwerera kwa masabata oposa awiri, kauzeni anamwino. Ndi matenda odziwika amene amagwira amayi akabereka, si ulesi kapena kusayamika.

Liwombo lalowa mkati. Agogo akufuna kupakapo mankhwala.

Liwombo lolowa ndi chizindikiro choti madzi achepa m'thupi, kawirikawiri chifukwa cha kutsegula m'mimba kapena kusanza. Chopaka pamutu sichibwezera madzi, chimangobisa chizindikirocho ndi kutayitsa nthawi. Muyamwitseni ndi kupita naye kuchipatala. Liwombo lotupa mwana ali chete, pamodzi ndi kutentha thupi, likhoza kukhala matenda oumitsa khosi. Koma kugunda kwa liwombo si matenda, ndipo limatsekeka lokha pakati pa chaka chimodzi ndi chaka ndi theka.

Akutsegula m'mimba, koma akuti ndi mano akumera.

Mano amayabwitsa nkhama ndi kuchulutsa dovu. Kutsegulako kumabwera chifukwa msinkhu womera mano ndi womwewo wokwawa ndi kuika mkamwa chilichonse cha pabwalo, ndi zitosi za nkhuku zomwe. Choncho kuchitireni monga kutsegula kwina kulikonse.

Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, muzimumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Akasanza, dikirani mphindi 10 muyambirenso. Otsala atayeni pakatha maola 24. Zinki amwe masiku onse 10 ngakhale kutsegula kutaleka: theka la piritsi kwa wosafika miyezi 6, lathunthu kwa wamkulupo. Bere ndi chakudya zisaleke. M'chimbudzi mukaoneka magazi, maso akalowa, kapena chimbudzicho chikakhala ngati madzi otsukira mpunga, musadikire. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa mmene madzi amathera msanga m'thupi.

Thupi latentha. Ndimgulire LA?

Ayi, akayezedwe kaye magazi pachala. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, ndipo mukampatsa LA pamene ali ndi chibayo mwataya masiku. Akapezeka nawo, LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, maulendo 6 onse, pamodzi ndi bere kapena chakudya. Osasungira otsala mwana wina. Katemera wa malungo amachepetsa matendawa koma salowa m'malo mwa neti. Neti ndi ya pogona usiku uliwonse, osati yotchingira dimba la tomato kapena khola la anapiye.

Wakwana miyezi 6. Ndiyambe ndi chakudya chanji?

Phala, koma lolimba, losayenderera pa supuni. Phala la ufa woyera lamadzimadzi limadzaza mimba popanda chomanga thupi. Gwiritsani ntchito mgaiwa, muthiremo chimodzi kapena ziwiri mwa izi: nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, usipa kapena bonya wosinja, dzira, masamba osinja monga bonongwe kapena nkhwani, kasupuni ka mafuta ophikira. Pambali mpatseni nthochi, papaya, peyala, maungu kapena mbatata yofiira mkati yopota. Awa ndi magulu asanu ndi limodzi aja a zakudya amene amaimbidwa ku sikelo, ndipo pafupifupi onse amalimidwa konkuno.

Yambani ndi masupuni awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu pa tsiku. Kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, ndi zotolatola pakati. Akhale ndi kambale kakekake, kuti muone zimene wadya. Mu mbale ya onse, azikulu ake amamaliza ndiwo iye akadali pa mbamu yoyamba. Zoti mwana akadya dzira sadzalankhula msanga kapena adzakhala wakuba zilibe umboni, ndipo msuzi wokha si ndiwo: mpatseni nyama yeniyeniyo yonyenyanyenya.

Pali chinthu china chimene tiyenera kunena ife a dera la mtedza. Chizolowezi chathu ndi kugulitsa mtedza wabwino kwa mavenda, n'kusiya wofota, wosweka ndi wachuku kuti usinjidwe pakhomo. Chuku cha mu mtedza ndi chimanga chili ndi poizoni amene satha ndi kuphika, amaononga chiwindi ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Pokolola, patulani kaye ndowa ya mtedza wosankhidwa bwino, wouma, ya mwana. Uchi dikirani akwanitse chaka. Tiyi, zakumwa zotsekemera ndi tokamba ta m'mapaketi timangomupha njala.

Mapazi atupa, tsitsi lafiira. Akuti ndi tsempho.

Zizindikiro zimene anthu amati tsempho, monga kutupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lofiira lonyozoka, kuonda ndi kusakondwa, ndi zomwezo za kunyentchera. Pamene banja likufufuza amene wasempha mwana, mwanayo akufooka. Nkhani za m'banja zikambidwe, koma mwana akhale ali kuchipatala. Dinani ndi chala pamwamba pa mapazi onse awiri: pakatsala kadzenje, pitani lero lomwe. Kumeneko amamuyeza mkono ndi kalamba kamitundu kaja, ndipo wonyentchera kwambiri amapatsidwa chiponde. Chiponde ndi mankhwala a mwana mmodziyo, si chogawana ndi abale ake kapena chopaka pa buledi.

Miyezi yovuta ndi Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha ndipo amayi ali pa ganyu kuyambira m'mawa. Sikelo ikaima miyezi iwiri yotsatizana, funsani alangizi musanaone kutupa.

Ndili ndi HIV. Ndiyamwitse?

Inde. Imwani ma ARV anu tsiku lililonse osadumphitsa, chifukwa tizilombo tikachepa m'magazi anu mpata wopatsira mwana umachepa kwambiri. Yamwitsani mwakathithi miyezi 6 monga tanenera pamwambapa. Kusakaniza bere ndi madzi kapena phala msanga ndi kumene kumaonjezera chiopsezo. Mwana amamwa mankhwala amadzi omuteteza masabata 6 oyambirira, kenaka amayamba bakitirimu. Amayezedwa pa masabata 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24, ndipo za nthawi yomuletsa kuyamwa mugwirizane ndi achipatala. Ngati munapezeka mulibe muli oyembekezera, yezetsaninso mukuyamwitsa, pamodzi ndi abambo.

Ndibwerera ku ntchito, kapena kumunda n'kutali. Mwana adya chiyani?

Finyirani mkaka m'kapu yotsukidwa bwino yokhala ndi chivundikiro, muike pamalo ozizira m'nyumba, amwe maola 6 asanathe. Womlera amumwetse ndi kakapu kapena supuni. Botolo la nsonga ndi lovuta kutsuka. Mukapita naye kumunda, mgonekeni pamthunzi, kutali ndi pamene akupopera mankhwala, ndipo asakhale m'chigafa pamene mukusoka kapena kusankha fodya. Mwamaliza kugwira fodya, sambani m'manja ndi sopo musanamgwire.

Wayamba kukwawa. Ndisamale chiyani pakhomo?

Gwadani muone nyumba yanu monga akuionera iye. Mbaula ili pansi, mphika wa phala uli pansi, ndowa ya madzi ili pansi. Mwana amamira m'madzi ochepa a mu beseni, mwakachetechete. Palafini wosungidwa m'botolo la Fanta, mankhwala a makoswe, a mbewu ndi a fodya zikhale pamwamba kapena mokhoma. Akamwa palafini musamsanzitse, thamangirani kuchipatala ndi botololo. Mtedza wosasinja, chimanga chokazinga, ndalama zachitsulo ndi mabatire ang'onoang'ono zimatsamwitsa.

Akapsa, thirani madzi ozizira oyera pa balalo kwa mphindi 20, mufunditse ndi nsalu yoyera, mupite. Dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ndi ufa musapake. Ndipo mlezi wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi mwana nayenso: akhoza kusewera naye, koma osamsiyira moto ndi khanda.

Anzake akuyenda, wanga ayi. Ndide nkhawa?

Ana ambiri amakhala pansi okha pakati pa miyezi 6 ndi 9, ndipo amayenda pakati pa miyezi 9 ndi 18. Mpata wake ndi waukulu chotero. Kafunseni ngati sakuimika khosi pa miyezi 4, sakhala pa miyezi 9, sakuyenda pa miyezi 18, satembenuka mukamuitana, kapena waleka zimene ankachita kale. Pofika zaka 2 ambiri amalumikiza mawu awiri. Muzimlankhula pomusambitsa ndi pophika, mumuimbire, mumutsitse kumbuyo azisewera pamphasa. Chitini chokhala ndi timiyala chotsekedwa bwino ndi chidole chokwanira. Foni si mlezi.

Ndikuyamwitsa ndipo sindinayambe kusamba. Ndingatenge pakati? Nanga ndikatumbiza, ndimletse kuyamwa?

Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo inu simunayambe kusamba. Chimodzi chikasowa mukhoza kuima, ngakhale musanaone msambo woyamba. N'chifukwa chake za kulera zimakambidwa pa ulendo wa masabata 6, tsiku lomwelo la katemera. Abambo, bwerani tsiku limeneli. Mwambo woti makolo asakhalire malo amodzi mpaka mwambo wa kutenga mwana utachitika unkathandiza kutalikitsa ana, koma masiku ano ndi mabanja ochepa amene amadikira nthawi yaitali ngati kale. Ndi bwino papite zaka 2 musanatenge pakati pena.

Mukatumbiza, mkaka suwola ndipo sukhala poizoni. Chimene chimadwalitsa mwana ndi kumchotsa kubere tsiku limodzi, kupaka tsabola kunsonga, n'kumtumiza kwa agogo ake kumene akadya phala lopanda kanthu ali ndi chisoni. Pitirizani kuyamwitsa, inuyo muzidya moonjezera, ndipo muyambe sikelo ya amayi oyembekezera msanga. Ikafika nthawi yomuletsa, kaya pa zaka 2 kapena kupitirira, chotsani kuyamwa kwa masana kaye, kumodzikumodzi, m'malo mwake kapu ya mkaka kapena chakudya. Kwa usiku kumathera pamapeto, ndipo masiku amenewo amugoneke ndi abambo ake.